Mwana akayamba kutsekula m'mimba, musadikire dripu

Ndine mlangizi wa zaumoyo kuno ku Chikwawa, ndipo ndikulankhula nanu amayi ndi abambo a ana osakwana zaka 2. Matenda a rota, kutsekula m'mimba kobwera ndi vairasi, amayamba ndi kusanza ndi kutentha thupi, kenako chimbudzi cha madzi okhaokha. Ndi dzuwa lathu la kuchigwali, mwana amatha madzi m'thupi mofulumira kwambiri.

Tsegulani buku la kusikelo lero. Katemera wa rota anayamba m'dziko muno mu 2012: madontho a m'kamwa, mwana akakwana masabata 6 ndi 10, ulere. Onani ngati onse awiri analembedwa. Satseka kutsekula kwa mtundu uliwonse, koma amachepetsa kuja kofikitsa mwana pogonekedwa.

Thanzi ORS azikhala m'nyumba mwana asanadwale. Sungunulani paketi yonse mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira WaterGuard. Akachita chimbudzi, mumwetseni kota kapena theka la kapu, ndi supuni, pang'onopang'ono. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambanso. Otsala akatha maola 24 tayani. Bere musamuletse, phalanso adye. Zinki mukatenge kwa ife alangizi, amwe masiku 10 mpaka 14 ngakhale wasiya kutsekula. Wosakwana miyezi 6 amwe theka la piritsi. Makapisozi a pagolosale asiyeni, vairasi samva zimenezo.

Ena amati, "Chipatala cha boma n'chaulere." Bedi ndi mankhwala, inde. Nanga kabaza wochokera kumudzi kukafika ku Ngabu kapena pa boma? Nanga ufa, ndiwo ndi nkhuni za gadiyani? Kudimba chimanga chikuuma osathirira, ganyu waima, ana ena mwasiyira agogo. A kutsidya kwa Shire, nthawi ya madzi osefukira, amalipiranso bwato. Mabanja ena amagulitsa mbuzi chifukwa cha matenda amene akanathera pa kapu ndi supuni.

Komatu pali pamene simuyenera kuwerengera ndalama. Maso akalowa m'kati, liwombo likatsika, mwana akalefuka, akakana kuyamwa, akamasanza chilichonse, kapena muone magazi m'chimbudzi, nyamukani ngakhale usiku. Agogo, pepani, za kumata mankhwala paliwombo zisiyeni. Latsika chifukwa madzi atha. Tsinani khungu la pamimba: likachedwa kubwerera, berekani mwana, botolo la Thanzi m'manja, muzimumwetsa panjira ngati akutha kumeza.