Kuonera mtsutso wa ofuna utsogoleri osapusitsidwa

Dziwani kaye kuti a kanema amafuna oonera ambiri, chifukwa ndi amene amakopa otsatsa malonda. Mtsutso woyamba wa Donald Trump ndi Hillary Clinton mu 2016 unaoneredwa ndi anthu pafupifupi 84 miliyoni ku America, ndipo Trump anali atazolowera kale kamera pa pulogalamu ya The Apprentice ya NBC.

Ine ndimafulatira kanemayo n'kumangomvetsera mawu, poti suti ndi kumwetulira zimanyenga. Funso lililonse ndimalilemba papepala, likayankhidwa ndimachonga. Mudzadabwa kuchuluka kwa mafunso ozembedwa ndi nthabwala.

Tizidutswa ta pa Facebook musatidalire, amangodula pomwe wina wapsa mtima. A kanema akayamba zokambirana kuti wapambana ndani, zimitsani. M'mawa mwake fufuzani manambala amene anatchulidwa, makamaka a misonkho ndi ngongole za boma.