Mmene tinathetsera vuto la "pick up" pa malonda a kachewere

Ndimagulitsa kachewere ku Ulongué, tauni ya ku Mozambique, ndipo ena mwa ondigula ndi madalaivala a mathiraki opita kumalire a Dedza. Ambiri amalemba mauthenga pa WhatsApp m'Chingerezi, pamene ife kuno kusukulu tinaphunzira Chipwitikizi. Amandiwerengera ndi mwana wa achemwali anga, koma "pick up" ankamuzunguza mutu. Dikishonale inkamuuza kuti pick ndi kutola, up ndi m'mwamba, basi n'kuthera pomwepo. Matumba ankachedwa kufika pamsewu, ogula n'kudandaula.

Chinatithandiza ndi kope. Ndinamuuza kuti, "Mphwanga, usamamasulire liwu lililonse palokha. Kopera chiganizo chonse, pansi pake ulembe chimene munthuyo anabwera kudzachita."

Posakhalitsa zinaoneka kuti tanthauzo limadalira chinthu chimene chatchulidwa. "I will pick up the bags at six" ndiye kuti adzanyamula matumba 6 koloko, tikonzeretu onyamula. Akatchula munthu, monga "pick up my brother", akukamutenga pagalimoto. "Pick up the phone" ndi kuyankha foni. Wina analemba "business is picking up", osatchula katundu aliyense, ndipo ankatanthauza kuti malonda ayamba kuyenda bwino.

Poyankha pali msampha umodzi: it kapena them amalowa pakati. Timalemba "pick them up", osati "pick up them".

Tsopano uthenga ukafika mnyamatayo amafunsa kaye kuti chikunyamulidwa n'chiyani, kuti, nthawi yanji, ndipo thiraki imapeza matumba atasokedwa kale.