Kompyuta ikamati siikuona disiki, musathamangire kufomata

Pa ntchito yanga yokonza makompyuta, chimene chimandiwawa ndi munthu kubwera atafomata kale. Zithunzi za ana zapita, zolemba za zaka zambiri zapita, pomwe vuto linali kachingwe kamene kanangokhwefuka. Choncho mukaona mawu akuti "No boot device found", kapena sikirini yabuluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, ugwireni mtima. Kawirikawiri mafayilo amakhala alipo, kompyutayo yangosochera njira yopita kumene kuli Windows.

Yambani ndi kuzula zonse zimene mwalumikiza pa USB, makamaka fulashi, ndipo muyatsenso. Nthawi zina imakhala ikufuna Windows mufulashimo.

Ikakanabe, lowani mu BIOS, pulogalamu ya mkati mwa kompyuta imene imayamba kugwira ntchito Windows isanayake. Mukangoyatsa, dinani F2 kapena Del mobwerezabwereza. Pa HP ndi F10. Mmenemo funani chinthu chimodzi: kodi dzina la disiki yanu likuoneka?

Ngati silikuoneka, zimitsani, zulani kumagetsi, chotsaninso batire ngati ndi lochotseka. Tsegulani kompyutayo, zulani pa disiki chingwe cha SATA (chodutsa mafayilo) ndi cha magetsi, n'kuzibwezera mpaka zitagwira. Ngati ndi SSD ya M.2, kadisiki kopyapyala kolowetsedwa pa bolodi popanda chingwe, masulani kasikuluwu kake n'kuikhazikanso bwino. Poyatsa tcherani khutu. Hadi disiki ikamagogoda kuti khe khe khe, zimitsani pomwepo, chifukwa kuyatsa kulikonse kukuwonjezera bala. Imeneyo musaiyese n'komwe ndi chkdsk, pulogalamu ya Windows yofufuza ndi kukonza disiki, ipititseni kwa odziwa kupulumutsa mafayilo.

Dzina likaoneka, mtima ukhale m'malo. Mu BIOS momwemo pitani pa Boot Order, mndandanda wa kumene kompyuta imafuna Windows poyaka, ikani Windows Boot Manager pamwamba. Kenako yang'anani deti. Ngati labwerera zaka m'mbuyo, ndiye kuti kabatire kozungulira ka CR2032, ka mavoti 3, katha mphamvu, ndipo BIOS yaiwala zonse zimene inauzidwa.

Apa ndipo ambiri amagwa. Pali malo olembedwa SATA Mode, osankhira njira imene kompyuta imayankhulira ndi disiki: AHCI, RAID, ndipo pa zakale IDE. Windows imene inaikidwa pa RAID ikadzapeza AHCI imasowa dalaivala woyankhulira ndi disiki, n'kugwa ndi uthenga uja wa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, umene nambala yake ndi 0x7B. Tsiku lina ndinataya masana onse pa kompyuta ya mayi wina amene anali atatsala pang'ono kulira chifukwa cha maakaunti a ntchito yawo. Disiki inalibe vuto, kabatire ndiko kanatha. Nditaika katsopano n'kubwezera pa RAID, inayaka ngati palibe chinachitika. UEFI ndi Legacy, njira ziwiri zoyatsira kompyuta zimene zimasankhidwa mu BIOS momwemo, nazonso zimachita chimodzimodzi. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, mutalemba papepala mmene chinalili.

Zikakanika zonsezi, pezani fulashi yopanda kanthu ya 8 GB kapena kuposa, ndipo pa kompyuta ina muikemo Windows pogwiritsa ntchito Media Creation Tool ya Microsoft. Yatsirani pa fulashiyo, koma musasankhe zoika Windows yatsopano. Sankhani Repair, kenako Troubleshoot, kenako Startup Repair. Ngati vuto linayamba itangomaliza update, yesani Uninstall Updates.

Chomaliza chimene ndimayesa ndi Command Prompt, zenera lolembamo malamulo limene lili mu Troubleshoot momwemo. Lembani diskpart, kenako list volume, kuti muone chilembo chimene Windows yapatsidwa, poti muno sichikhala C nthawi zonse. Tulukani ndi exit. Ngati ndi D, lembani bcdboot D:\Windows kuti mafayilo oyatsira alembedwenso. Ikafunsa kiyi ya BitLocker, loko wa Windows wotsekera disiki, ndi manambala 48 amene kawirikawiri amasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft. Popanda iwo disikiyo siitseguka.

Mukafika poti palibenso njira koma kuikanso Windows, chotsani kaye disikiyo, muilumikize ku kompyuta ina ndi adaputala ya USB, mukopere zanu zonse. Tsegulani mafayilo angapo mwa amene mwakoperawo, muone ndi maso anu kuti akutseguka, ndiyeno mufomate.