Momwe Mkhristu angachitire chilengedwe chikamabuula

Mvula ikakana, kapena madzi osefukira akakokolola minda, mumpingo simusowa wonena kuti "Mulungu watikwiyira." Musafulumire kuvomera. Baibulo lili ndi njira yake.

Yambani ndi kulira. Mneneri Yoweli ataona dzombe litamaliza mbewu, ng'ombe zikusowa msipu, mitsinje itaphwa, anauza ansembe kuti avale ziguduli ndi kuitanitsa anthu kudzasala kudya (Yoweli 1). Nanunso muuzeni Mulungu zimene zawonongeka, muzitchule chimodzichimodzi. Pa Aroma 8:22 Paulo akuti chilengedwe chonse chikubuula ngati mayi amene ali pa ululu wa pobereka, ndipo mayi wotero amalira akuyembekezera mwana.

Kenako pewani kuloza chala amene tsoka lawagwera. Apa ndi pamene alaliki ambiri amaterereka. Nsanja ya Siloamu itagwa n'kupha anthu 18, Yesu anakanitsitsa zoti anthuwo anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu (Luka 13:4-5), nauza omvera ake kuti alape okha. Hoseya 4:1-3 akuti dziko likulira, nyama, mbalame ndi nsomba zikutha chifukwa cha bodza, kuba ndi kupha. Ndiye funso n'lakuti: manja athu achita chiyani? Wodula nkhalango kumtunda nthawi zambiri si amene nyumba yake imakokoloka kumunsi.

Mukadziyesa choncho, gwirani ntchito. Adamu anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusamalira (Genesis 2:15). Levitiko 25 amalamula kuti nthaka ipumule chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse, ndipo Deuteronomo 20:19 amaletsa kudula mitengo ya zipatso ngakhale pankhondo. Sankhani chinthu chimodzi chimene mpingo ungakwanitse: kuyeretsa mtsinje, kuleka kutaya mapulasitiki paliponse, kapena kudzala mitengo. Mitengoyo ikhale ndi woithirira, poti kudzala pa tsiku la mwambo n'kuiwala ndi chionetsero chabe. Amene ataya nyumba ndi zokolola apatseni chakudya ndi zovala, monga akunenera Yakobo 2:15-16.

Pomaliza, iikeni nkhaniyi pa kalendala ya mpingo. Matchalitchi ambiri amasunga Nyengo ya Chilengedwe kuyambira 1 Seputembala mpaka 4 Okutobala. Tsiku loyambalo analipatula mu 1989 kuti likhale lopempherera chilengedwe Patriarch Dimitrios wa ku Constantinople, mtsogoleri wa Tchalitchi cha Orthodox pa nthawiyo, ndipo Papa Francis analilandira mu Tchalitchi cha Katolika mu 2015. Pa Lamulungu limodzi la nyengoyo werengani Salimo 104 lonse, panja ngati n'kotheka.