Kuthamanga ndi anzanu pa liwiro lachifundo la nyengo ya Khirisimasi

Musanakambe za zipewa zofiira ndi ndevu zoyera za Santa Claus zimene othamanga amavala pa mipikisano yotere, khalani pansi ndi anzanu mugwirizane chinthu chimodzi: kodi tithamangira limodzi mpaka kumapeto, kapena aliyense ayendera yake? Ndaonapo anthu ogwirizana bwino akubwerako atatupirana masaya chifukwa nkhaniyi sanaikambe. Wina amayembekeza kuti amudikira, pomwe mnzakeyo maso ali pa wotchi. Ine ndimakonda kuti gulu lonse litsate mwendo wa amene amachedwa kuposa onse. Ngati alipo wofunitsitsa kuyesa mphamvu zake, apite, koma anenerethu poyera, ndipo akamaliza abwerere m'mbali mwa msewu adzachemerere otsalawo.

Mtunda usakuopseni. Mipikisano yambiri yotere imakhala ya makilomita 5, ina 10. Munthu woyenda ndawala amamaliza makilomita 5 pasanathe ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, ndiye mnzanu wonena kuti "ine zothamanga ayi" musamusiye. Kwa amene akufuna kuthamangadi koma sanayambepo, pali ndondomeko ya Couch to 5K imene bungwe la zaumoyo la ku Britain, NHS, limalimbikitsa. Imatenga masabata 9, kuthamanga katatu pa sabata. Sabata yoyamba mumathamanga mphindi imodzi, n'kuyenda mphindi imodzi ndi theka, mobwerezabwereza kwa mphindi 20. Mukawerenga chobwerera m'mbuyo, liwiro la mu Disembala lifunika kuyamba kulikonzekera kumayambiriro kwa Okutobala. Pokonzekerapo muzicheza muli chithamangire. Mukaona kuti mawu akudukaduka ndi wefuwefu, mwathamangitsa, bwezani mwendo. Ngati kumene muli kuli parkrun, ija inayambira ku Bushy Park mu London mu 2004, pitaniko Loweruka lina. Ndi makilomita 5 aulere, ndipo mumazolowera kuthamanga pakati pa khamu.

Nkhani ya ndalama ndiyo ndimafuna muiganizire mofatsa, chifukwa ndi imene mwatulukira m'nyumba. Ndalama yolembetsera si yonse imene imakafika kwa ovutikawo. Ina imalipira madzi, mamendulo, zovala ndi chitetezo cha pamsewu. Werengani zimene okonza alemba, ndipo ngati sizikumveka afunseni kuti gawo lopita ku bungwe lothandizalo ndi liti. Onetsetsaninso kuti bungwelo ndi lolembetsedwa mwalamulo. Thandizo lalikulu limachokera ku zimene inuyo mwapempha kwa abale ndi anzanu a kuntchito, ndipo pamenepa gulu limapindula likatsegula thumba limodzi, osati aliyense lake, chifukwa anthu amene mumawadziwa ndi omwewomwewo ndipo amatopa kupemphedwa kangapo. Yambani mwaponyamo nokha. Nenani momveka kuti mukufuna kupeza zingati ndiponso zikagwira ntchito yanji, monga mankhwala, mabuku a ana, kapena pogona. Uthenga woponya pa gulu la WhatsApp anthu amangoudutsa, koma munthu ukamulembera payekha, n'kumutchula dzina, amayankha. Pemphani msanga, matumba asanabooke ndi zogula za zikondwerero. Musankhe mmodzi wolemba dzina la aliyense wopereka ndi kuchuluka kwake, ngakhale zitachepa bwanji.

Tsopano zovala. Suti ya Santa Claus imene amagawa pa mipikisano yambiri imakhala ya nsalu yopyapyala yosamwa thukuta. Lamba wake amamasuka, buluku limatsika, ndevu zimalowa m'kamwa. Ngati mwailandira tsikulo lisanafike, ivaleni muthamange nayo pang'ono, muone pofunika pini kapena chingwe. M'kati valani malaya amene mumathamangira masiku onse. Pakani Vaseline m'ntchafu ndi m'khwapa kuti pasasupuke. Nsapato zatsopano zisiyeni m'bokosi, zimabala matuza. Valani zimene phazi linazizolowera, masokosinso chimodzimodzi. Kukakhala kotentha ndevu ndi chipewa zivuleni mukangojambulitsa, kukakhala kozizira valani zopepuka ziwiri m'malo mwa chijuzi chimodzi cholemera. Nambala yanu ikhale pachifuwa, pa chovala chakunja, yomangidwa ndi mapini m'makona onse anayi, ndipo kuseri kwake lembani nambala ya foni ya munthu woti aimbiridwe zitavuta.

Khamu lonse likavala zofiira, mnzanu mumamutaya muli naye pafupi. Mangani kansalu ka mtundu umodzi wowala pamkono kapena pachipewa nonse. Gwirizananinso malo okumanirana, ndipo akhale chinthu chosasuntha, mtengo winawake kapena chipata, osangoti "tikaonana pomalizira". Foni musaidalire kwambiri. Pa phokoso lotero simungaimve ikuitana.

Fikani nthawi ikadalipo, chifukwa mizere ya kuchimbudzi ndi kosungitsa zikwama imatalika. Poyambira imani chakumbuyo. Akaliza wezulo anthu amachoka ngati akuthawa moto, ndipo pakangotha kilomita imodzi mumawapeza ambiri atagwira m'chiuno. Paja kuthamanga sikufika. Yendani awiriawiri, musatseke msewu wonse mutandandalikana. Mukafuna kuyenda pansi, kwezani dzanja kuti akumbuyo adziwe, kenaka patukirani m'mbali. Pa malo omwera madzi musathithikane pa tebulo loyamba, a kutsogolo amakhala opanda anthu. Wina akamva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa, aime pomwepo. Mmodzi atsale naye, wina akaitane oyang'anira msewu kapena achipatala amene amakhala pafupi. Apa palibe zonyengererana kuti "limba mtima, kwatsala pang'ono".

Anthu ogawa madzi ndi olozera njira aja ambiri ndi ongodzipereka, ndipo amafika inu musanadzuke. Athokozeni podutsa.

Mukamaliza, ntchito yatsala imodzi. Pasanathe masiku ochepa, tumizani ndalama zonse ku bungwe lija, mulandire lisiti. Ijambuleni lisitiyo, muitumize kwa aliyense amene anapereka, pamodzi ndi chithunzi cha gulu lanu ndi chiwerengero cha zonse zimene zinasonkhedwa.