Kompyuta ikazima mwadzidzidzi n'kukana kuyakanso

Chonde musathamangire kuifomata (kufufuta zonse zomwe zili m'kompyutamo). Nthawi zambiri mafayilo anu amakhala alipo ndithu, changovuta n'choti Windows ikulephera kudzuka.

Yambani mwazula chilichonse cholumikizidwa: fulashi, printa, ngakhale mausi. Fulashi yoiwalika pa USB imatha kusokoneza kompyuta, n'kumafunafuna Windows m'malo momwe mulibe. Kenako chotsani chaja kapena chingwe cha magetsi, dinikizani batani loyatsira kwa masekondi 30, mubwezeretse n'kuyatsa.

Ngati chizindikiro cha Windows chikuoneka koma timadontho tija tikungozungulira osatha, izimitseni ndi batani, muyatsenso. Mukatero kawiri kapena katatu motsatizana, Windows 10 ndi 11 imatsegula yokha Automatic Repair, gawo lomwe limayesa kukonza vuto la kuyaka. Pitani pa Advanced options, kenako Troubleshoot, mufufuze Startup Settings, mudine Restart, ndipo ikayakanso mudine 4 kuti mulowe Safe Mode, momwe Windows imayaka ndi zinthu zofunikira zokha. M'menemo chotsani pulogalamu kapena driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo monga printa) yomwe munaika komaliza, chifukwa kawirikawiri wolakwa amakhala ameneyo.

Chomwe ine ndimaopa kwambiri ndi phokoso. Mukamva hard disk (chosungira mafayilo m'kati mwa kompyuta) ikulira kuti tche tche tche, lekani kuyatsayatsa. Kuyatsa kulikonse kukuwonjezera bala. Pitani nayo kwa katswiri, ndipo mumuuze kuti ayambe wakopera mafayilo anu asanakonze china chilichonse.