Momwe mungatsekerere mafuta m'maselo a yisiti kuti apirire moto

Yisiti amene timafufumitsira mandasi ndi buledi ndi tizamoyo ta selo limodzi totchedwa Saccharomyces cerevisiae. Selo lililonse ndi laling'ono kwambiri, ma micrometre 5 mpaka 10 (micrometre ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), koma lili ndi khoma lolimba la beta-glucan, mannoprotein ndi chitin pang'ono, zomwe ndi zinthu zopangidwa ndi shuga ndi mapuloteni. Opanga zakudya amakhuthula zam'kati mwa selolo n'kulowetsamo mafuta. Mapeto ake ndi ufa wouma umene mafuta ake sanunkha msanga chifukwa mpweya suwafika mosavuta, ndipo khomalo likakhala louma limapirira kutentha kopitirira madigiri 200. Iyi ndi ntchito ya m'labotale kapena fakitale yaing'ono. Pamafunika sikelo, choyezera kutentha, makina otakasa, makina a centrifuge (ozungulira mwaliwiro kuti zolemera zikhale pansi, madzi pamwamba) ndi choumitsira.

Yambani ndi kusankha mafuta, chifukwa apa m'pamene ambiri amagwa mphwayi. Khoma la yisiti lili ngati sefa ya maso ang'onoang'ono. Limonene, amene amanunkhiritsa khungu la lalanje, amalemera ma dalton 136 (dalton ndi muyeso wa kulemera kwa tizidutswa tating'onoting'ono topanga chinthu) ndipo amadutsa mosavuta. Mafuta ophikira a mpendadzuwa, soya kapena mtedza amafika ma dalton pafupifupi 880, motero amalowa movutikira ndipo ochuluka amangomatirira kunja. Ngati ndi ulendo wanu woyamba, yesani kaye mafuta a lalanje kapena a peppermint kuti dzanja lizolowere.

Kenako tsukani yisiti. Wouma wa m'mapaketi amagwira ntchito. Wotsala pofulula mowa m'mafakitale ndi wotchipa, koma amafunika kumutsuka kangapo ndi madzi oyera kuti kuwawa kwa hops, maluwa amene amathira mu mowa, kuchoke.

Gawo lachitatu ndi kukhuthula maselo. Sungunulani magalamu 100 a mchere m'madzi okwana lita imodzi, thiranimo yisiti, n'kumatakasa pa madigiri 55 kwa maola 24 kapena 48. Mcherewo umakoka madzi a m'selo, ndipo kutenthako kumachititsa kuti ma enzyme a yisitiyo, omwe ndi mapuloteni ogaya zinthu, agaye zam'kati mwake. Madziwo amada n'kuyamba kununkhira ngati msuzi wa nyama. Musadabwe, ndi mapuloteni ndi zina zam'kati zimene zatuluka. Pukusani mu centrifuge, tayani madzi apamwamba, ndipo tsukani phala lotsala pansilo mpaka mchere utatheratu.

Tsopano lowetsani mafuta. Sakanizani phalalo ndi madzi, chifukwa yisiti wouma salola chilichonse kulowa. Madzi ndi amene amafufumitsa khoma kuti timipata titseguke. Thirani mafuta pang'onopang'ono uku makina akutakasa. Poyambira, gawo limodzi la mafuta pa magawo awiri a yisiti, poyeza kulemera kwa yisiti wouma, n'lokwanira. Kutentha kukhale pa madigiri 40 mpaka 45 kwa maola anayi kapena kuposerapo, chiwiya chili chovundikira kuti fungo lisathawe. Kutenthaku kumafewetsa kachikopa ka mafuta kamene kali kuseri kwa khoma. M'madzi ozizira mungatakase tsiku lonse koma zolowa n'zochepa. Pa mafuta ophikira thandizani ndi ethanol (alukoholo wa mu mowa) pang'ono wovomerezeka pa zakudya, ndipo onjezerani nthawi. Ena amayamba achotsa mpweya m'chiwiyamo ndi pampu, kenako n'kuubwezeramo mwadzidzidzi kuti ukankhire mafuta m'kati.

Pukusaninso, n'kutsuka kawiri kapena katatu kuti mafuta a kunja achoke. Gawo ili musalidumphe ngakhale mwatopa. Mafuta otsala kunja ndi amene amayamba kununkha, ndiponso amakunamizani poyeza kuti mwalowetsa ambiri.

Umitsani ndi freeze dryer (makina oumitsa zinthu zitaundana ndi kuzizira) kapena spray dryer (makina opopera phala mu mpweya wotentha). Kuyanika padzuwa ayi: phala lonyowa limachita nkhungu lisanaume, ndipo kuwala kumawononga mafuta. Ufa wabwino umakhala wotuwa moderako, woyoyoka m'manja. Uikeni pang'ono papepala loyera n'kukanikiza ndi chala. Likatsala banga la mafuta, bwererani kukatsuka. Amene ali ndi maikulosikopu ya fluorescence, yoonera zinthu zothiridwa utoto wowala, angadonthezere utoto wa Nile red n'kuona timadontho ta mafuta tikuwala m'kati mwa maselo.

Posunga ndi pophika kumbukirani kuti madzi amene analowetsa mafuta ndi omwewo angawatulutse. Tsekerani ufawo m'botolo losalowa chinyezi, makamaka nthawi ya dzinja. Umachita bwino m'mabisiketi, m'zokometsera zouma ndi mu ufa wopaka nkhuku yokazinga, mmene fungo limadikira mpaka malovu alifike m'kamwa. Mu mtanda wonyowa wa buledi, umene umakhala maola ukufufuma, lina limayamba kuthawa mtandawo usanalowe mu uvuni, choncho uthireni chakumapeto kwa kukanda.